Galimoto Yogona pa Miyala: Chuma Kapena Chitsulo Chabe?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, kuyambira ku Metangula, kudutsa ku Messumba mpaka ku Cobué, nthawi zina munthu amaona galimoto yakale itakhazikidwa pa miyala kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mwini wake akadali moyo palibe amene amaikhudza. Koma mwiniyo akangotsikira kulichete, galimoto ija imasanduka mlandu. Ana ena amati igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha ndipo ndalama zigawidwe. Atsibweni amati ikonzedwe kuti iziyenda chapa pamsewu wa ku Lichinga. Ndiye pamakhalanso mdzukulu amene waona pa foni kuti kunja galimoto zakale zikugulidwa pa ndalama zoopsa, ndipo iyeyo amati wina asayerekeze kuigulitsa chifukwa banja lakhalira chuma.

Onsewa ali ndi mfundo, komabe mkanganowo sungathe ngati samvetsa chimene chimaika mtengo pa galimoto yakale. Mtengowo suchokera pa ukalamba wa galimotoyo ayi. Umachokera pa zinthu ziwiri: anthu amene akuilakalaka panthawiyo, ndi ndalama zimene ziyenera kulowa kuti galimotoyo idzuke.

Galimoto zogona pa miyalazi zidabwera m'nyengo zosiyanasiyana. Land Rover idayamba kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England, m'chaka cha 1948, ndipo amishoni ndi maboma a atsamunda adaikonda kaamba koti inkadutsa pomwe palibe msewu. Dziko litalandira ufulu mu 1975 kudabwera malole a IFA W50 ochokera ku East Germany, amene fakitale yake ya ku Ludwigsfelde idawapanga kuyambira mu 1965 mpaka mu 1990. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, mabungwe othandiza anthu obwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Tanzania adadza ndi Toyota Land Cruiser komanso Land Rover zatsopano, ndipo pambuyo pake zina mwa izo zidagulitsidwa kwa anthu wamba. Mbadwo uliwonse udali ndi galimoto imene ana ankaithamangira ikamalowa m'mudzi.

Kuthamangira kwa anako ndiko gwero la mtengo wa galimoto zakale m'maiko olemera. Mnyamata amasirira galimoto ali wamng'ono, alibe ndi khobidi lomwe. Pakapita zaka 30 kapena 40, iye wagwira ntchito, ana ake akula, ndipo ali ndi ndalama zapadera, kotero amapita kukasaka galimoto ya paubwana wake ija. Anzake amsinkhu wake akusakanso yomweyo, ndiye mtengo umakwera. Koma mbadwo umenewo ukakalamba ndi kuyamba kutha, ana awo amalandira galimotozo ngati chuma chamasiye chimene sadachisirirepo, amaziika pamsika nthawi imodzi, ndipo mtengo umaima kapena kutsika.

Chitsanzo ndi Ford Model T ya ku America, imene idapangidwa kuyambira mu 1908 mpaka mu 1927, ndipo zidapangidwa zoposa 15 miliyoni. Anthu amene adakwera galimotoyi paubwana wawo adatha, kotero ngakhale ina ili ndi zaka zoposa 100, mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi galimoto zina zaposachedwa. Amene ali ndi ndalama tsopano ndi omwe adali ana m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo maso awo ali pa galimoto za nthawi imeneyo. Lamulo la ku America limalola kulowetsa mosavuta galimoto yakunja pokhapokha itakwanitsa zaka 25. Galimoto yaliwiro ya ku Japan yotchedwa Nissan Skyline GT-R R34, imene idatuluka mu 1999, idayamba kuloledwa mu 2024, ndipo mtengo wake udali utakwera kale pamene anthu ankadikira chakacho.

Land Rover nayo idakwera mtengo pa chifukwa chofanana. Kampani yake itatsala pang'ono kusiya kupanga mtundu wakale wa Defender, galimoto yokwanitsa chiwerengero cha 2 miliyoni idagulitsidwa ku London mu Disembala 2015 pa mapaundi 400,000. Yomaliza idatuluka m'fakitale mu Januwale 2016, ndipo kuchokera pamenepo anthu amene ankaiona ngati galimoto ya kumunda adayamba kuisaka ngati chinthu chosowa.

Kusintha kwa mibadwoku kuliponso kuno kunyanja. Mkulu amene adaona Land Rover ikunyamula wodwala kupita naye kuchipatala cha mishoni amaitchula ndi ulemu. Mnyamata wa lero akapeza ndalama za usipa kapena za golide wa ku Lupilichi, mtima wake uli pa njinga yamoto, injini ya boti ya Yamaha, Hilux kapena Canter yochokera ku Japan, chifukwa zimenezi zimamwa mafuta pang'ono ndipo masipeya ake savuta kupeza. Ndiye kuti pamsika wa m'boma muno ogula galimoto yakale akucheperachepera chaka ndi chaka. Wogula weniweni, ngati alipo, ali kutali, ku Maputo, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja zamchere.

Komanso ziwerengero zikuluzikulu zooneka pa foni zija zimafunika kuzimva bwino. N'zoona kuti mu 2022 galimoto ya Mercedes-Benz 300 SLR ya mu 1955 idagulitsidwa pa mayuro 135 miliyoni, koma za mtundu umenewo zidapangidwa ziwiri zokha. Land Rover zakale zidapangidwa zoposa 2 miliyoni, ndipo malole a IFA W50 adaposa theka la miliyoni. Chinthu chochuluka chotere chimakwera mtengo pokhapokha chili chamtundu wosowa, chathunthu, komanso chosamalidwa bwino. Lole yaikulu ndiye imavutirapo, pakuti ndi anthu ochepa amene ali ndi malo oisungira ndi mafuta oiyendetsera pongosangalala.

Chinthu chachiwiri ndi mtengo wokonzetsera, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa m'mbuna. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, kotero silichita dzimbiri ndipo limaoneka lamoyo ngakhale patapita zaka 40. Koma chasisi, chimene ndi msana wa galimoto, ndi chachitsulo, chimodzimodzinso khoma lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala. Galimoto ikakhala pa udzu ndi pa chinyontho dzinja ndi dzinja, dzimbiri limadya msanawo kuchokera m'kati, moti kunja kumaoneka bwino koma nyundo ikamenya imaboola. Land Cruiser yakale, ya mtundu umene udapangidwa ku Japan kuyambira mu 1960 mpaka mu 1984, ili ndi thupi lachitsulo, ndipo dzimbiri lake limayambira pansi popondapo mapazi.

Injini yokhala zaka zambiri osalizidwa imagwirana m'kati. Mapaipi a mabuleki amaola, mphira zimauma, ndipo makoswe amadya mawaya. Masipeya ambiri ayenera kuitanitsidwa ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo pa mtengo wake pamaonjezeka ndalama ya mayendedwe ndi msonkho wa pachipata. A IFA ndiwo ovutitsitsa popeza fakitale idasiya kupanga malolewo kalekale. Amakaniko odziwa injini zakalezi nawonso akukalamba, ndipo ophunzira a lero akuzolowera njinga zamoto ndi galimoto za ku Japan. Ngakhale ku Ulaya, kumene masipeya ali pafupi, eni galimoto zakale amadziwa kuti kawirikawiri ndalama zokonzetsera zimaposa mtengo umene galimotoyo ingagulidwe ikatha kukonzedwa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ino ali nacho chitsanzo chawochawo, ngakhale sichoyenda pamsewu. Sitima ya Chauncy Maples, imene idatchedwa dzina la bishopu wa ku Likoma yemwe adamira m'nyanja mu 1895, idapangidwa ku Glasgow, idabwera m'zidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo idayamba kuyandama mu 1901. Kwa zaka zambiri inkayendera midzi ya mishoni ya Anglican ya tsidya lino. Itakalamba idagona ku Monkey Bay, ndipo anthu akufuna kwabwino a ku Britain adayamba kusonkha ndalama, cholinga chawo chili mapaundi 2 miliyoni, kuti isanduke chipatala choyenda panyanja. Oikonda adalipo, ndalama zidasonkhedwa, amisiri adagwira ntchito, koma patapita zaka zingapo ntchitoyo idalekeka ndipo chipatala choyandamacho sichidaoneke. Ngati anthu amapaundi adalephera kudzutsa chitsulo chokalamba, banja lodalira ukonde umodzi liyenera kuwerengera kawiri lisadagulitse mbuzi.

Kuwerengerako sikovuta. Mwachitsanzo, makaniko akanena kuti galimoto ifuna meticais 300,000 kuti iyende, pomwe ina yofanana nayo yoyenda kale ikugulitsidwa pa meticais 250,000, ndiye kuti kukonza n'kutaya ndalama ngakhale ntchito isadayambe. Tsono makaniko amatchula zokhazo zimene waziona ndi maso, ndipo akamasula injini zina zimatulukira. Wogula wakutali nayenso amawerengera chimodzimodzi. Amachotsera ndalama yokokera galimotoyo pamsewu wa fumbi wa ku Cobué, yoinyamulira makilomita oposa 800 kuchokera ku Lichinga kudzera ku Cuamba ndi ku Nampula mpaka kudoko la Nacala, ya sitima, ya msonkho, ndi yokonzetsera. Ngati akupita nayo ku America kapena ku Portugal amachotseranso chifukwa chiwongolero cha galimoto zambiri za kuno chili kumanja. Zotsala pamenepo ndizo angapereke kwa banja, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa pa foni sufika m'mudzi.

Palinso nkhani ya mapepala. Galimoto yopanda livrete ndi chikalata cha umwini ndi chitsulo chabe pamaso pa lamulo, ndipo singatuluke m'dziko mwachilungamo. Mapepala ambiri adapsa kapena kutayika m'nthawi ya nkhondo, ena adadyedwa ndi chiswe. Banja limene lili nawo liwasunge monga limasungira mapepala a malo, ndipo limene lilibe likafunse ku ofesi ya INATRO ku Lichinga lisadalonjeze munthu aliyense. Nambala yodindidwa pa chasisi iyenera kugwirizana ndi ya pa livrete. Kuisintha ndi mlandu, ndipo kunja sanyengerera: mu 2013 akuluakulu a kasitomu ku Baltimore, m'dziko la America, adaphwanya Land Rover Defender ndi makina atapeza kuti nambala yake idasinthidwa pofuna kuti ioneke ngati yakwana zaka 25.

Tsono banja lichite chiyani? Choyamba, abale akhale pansi pamodzi ndi mwinimbumba, wina asagulitse payekha usiku. Chachiwiri, aitane makaniko wosakhala mnzake wa wogula kuti akwawire pansi, amenye chasisi ndi nyundo kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo ayese ngati injini ikutembenuka. Chachitatu, ajambule ndi foni galimoto yonse, nambala ya chasisi ndi ya injini, n'kutumiza kwa abale a m'tauni kuti afunse mitengo kwa anthu angapo. Safunsa adadya phula. Chachinayi, asamaizule pang'onopang'ono, lero magalasi, mawa chitseko, mkuja kachitsulo ka nambala, pakuti wokonda galimoto zakale amalipira galimoto yathunthu yokhala ndi zake zoyambirira, ngakhale penti yake itasuluka. Kuipaka penti yatsopano ya nyumba kumangotsitsa mtengo.

Makaniko akapeza kuti msana udaola ndipo mapepala palibe, palibe manyazi kugulitsa giyabokosi, ma difu ndi masipulingi kwa amene akuyendetsabe galimoto zotere, aluminiyamu n'kupita pa sikelo padera, chifukwa mtengo wake pa kilogalamu umaposa wa chitsulo. Ma ekiselo ndi mawilo ake amapanga ngolo yolimba. Koma ngati chasisi chili bwino, nambala zikugwirizana ndipo mapepala alipo, imeneyo siyoyenera kupita kwa wogula zitsulo zakutha. Pogulitsa pakhale kalata yolembedwa, mboni, ndi mfumu ya m'mudzi, ndipo galimoto isachoke pakhomo ndalama zonse zisadaperekedwe.

Amene asankha kudikira adziwe kuti kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake. Anthu amene akulakalaka Land Rover ndi Land Cruiser zakale lero nawonso akukalamba monga adakalambira okonda Model T, ndipo palibe angalonjeze kuti ana awo adzazifuna pa mtengo womwewo. Dzimbiri nalo siliona kalendala ya msika. Choncho ngati banja lagwirizana zoisunga, liikweze pa matabwa olimba, lilambule udzu wa pansi pake, liimangire chisakasa, litseke mabowo a injini, ndipo zonsezi zichitike mvula yoyamba isadagwe.