Mlenje Wotsekeredwa M'nyumba

Pa Lacisanu loyamba la mwezi ndimayendera odwala ndi okalamba a m'mphakati mwathu, kukapemphera nao ndi kuwapatsa Ukaristia Woyera. Pakati pao pali ambuya ena amasiye amene anacoka kumudzi kwao ca ku Katete zaka ziwiri zapitazo atadwala miyendo, nadzakhala ndi mwana wao m'nyumba zosanja za ku Kabwata muno mu Lusaka. Katundu wao anali wocepa: kolona, mphasa, mtondo umene sanasinjiremo kanthu cifikire, ndi mphaka m'dengu.

Mphakayo ndiye anautsa mlandu. Miyezi itatu yapitayo, titatha mapemphero, apongozi ao anandiitanira kukhichini nati, "Akatekisti, tithandizeni. Pusi uyu watha mipando, usiku satigoneka tulo, ndipo dzana anakodzera pa bedi la ana. Ndatopa naye, acoke." Ambuya anamva ali kucipinda. Potsazikana anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, akamutaya ameneyu ndidzaceza ndi yani? Onse amacoka m'mamawa."

Onse awiri ananena zoona, ndipo kumutulutsa kunja sikukanathetsa mlandu. Pansi pa nyumbayo pali mseu wa magalimoto, pali agalu, pali anyamata a malegeni. Palinso manong'onong'o. Inu awerengi mudziwa bwino zimene anthu ena amanena akaona nkhalamba ilera cona, makamaka wakuda. Mantha otere si athu tokha: m'caka ca 1233 kalata ya Papa Gregory IX, pofotokoza miyambo imene anthu ena a ku Germany anali kunenezedwa nayo, inachulanso mphaka wakuda. Koma Mkhristu amene aloza nkhalamba cala cifukwa ca ciweto cake akucita chimo la kunamizira mnzake, ndipo m'maphunziro a cikatekumeni ndimanena zimenezi poyera. M'Baibulo lathu mphaka achulidwa pa mutu 6 wa buku la Baruki, pamene mneneri aseka mafano a ku Babiloni kuti ngakhale amphaka amakwera pamwamba pao. Pamenepo palibe za ufiti, pali cinyama cimene cimakonda kukhala pamalo okwera.

Tsono mphaka wa ambuya ayenera kukhala m'nyumba. Funso linali lakuti akhalemo bwanji.

Ife amene tinakulira kumudzi sitinavutikepo kuganiza za cimwemwe ca mphaka, pakuti nchito yake inali kumusamalira. Anali mlonda wa nkhokwe. Mphaka amene adzidyetsa yekha amagwira tinyama ting'onoting'ono pafupifupi khumi pa tsiku, ndipo kambiri amalumpha nkugwira mphepo. Werengani nokha maulendo amene amabisala, kuyendetsa mimba pansi, kudikira ndi kulumpha kuti akhute. Amagona maola 12 kufikira 16, koma mbandakuca ndi cisisira, pamene mbewa ziyenda, thupi lake lonse limadzuka. Mulungu anamulenga mlenje. Mukamutsekera m'zipinda zitatu ndi kumuikira mbale yodzaza kuyambira m'mawa, mwamudyetsa ndithu, koma mwamulanda nchito. Ulenje uja sutha m'thupi mwake, umangosowa kopita. Ndiye ugwera pa mipando, pa makatani ndi pa zidendene za ana. Amphaka ena sacita phokoso konse: amangonenepa, kapena amadzinyambita mpaka ubweya wa pamimba utatha. Amenewo ndiwo ovutika koposa, cifukwa eni nyumba amawayamikira kuti ngofatsa.

Cimene ndinauza banja lija coyamba ndi ici: mubwezereni ulenje. Tinatenga kamtengo kotalika ngati mkono, cingwe, ndi nthenga zitatu za nkhuku. Koma kaseweredwe kali ndi nzeru yake. Ana amakonda kumugwedezera nthenga pamphuno, ndipo mphaka amangowayang'ana, pakuti palibe mbewa imene imathamangira m'kamwa mwa mphaka. Nthenga ziyenera kuthawa, kubisala kuseri kwa mwendo wa tebulo, kuima duu, kenaka kusuntha pang'ono. Mulekeni adikire, popeza kudikirako ndiko mbali yaikulu ya masewerawo. Potsiriza mulekeni agwire, ndipo pomwepo mupatseni cakudya. Kusaka, kugwira, kudya, kudzinyambita, kugona: umu ndimo tsiku la mphaka limayendera. Mphindi khumi m'mawa ndi khumi madzulo zikwanira. Masewera a madzulo akhale pafupi ndi nthawi yogona, kuti nyumba ipeze tulo. Mukatha, bisani cingweco m'kabati, pakuti mphaka akameza ulusi kapena cingwe, matumbo amapotana ndipo angafe. Manja ndi mapazi anu asakhale mbewa. Mwana wa mphaka amene mumuphunzitsa kuluma zala adzaluma ndithu atakula.

Ubwino wake ndi wakuti nchito imeneyi ambuya aikwanitsa ali khale pa mpando, osasowa miyendo.

Cakudya naco asacipeze mwaulere nthawi zonse. Tengani botolo la pulasitiki louma, boolani timabowo m'mbali, ikanimo tizakudya touma, ndipo azilikunkhuniza kuti tigwe. Kapena gawani cakudya ca tsiku m'tizigawo tinai kapena tisanu, nkubisa kena pansi pa katoni, kena pamwamba pa kabati. Katoni yopanda kanthu ndi cuma kwa mphaka: ndi mphanga yake, mobisalamo pamene alendo adzaza nyumba. Akalowamo ana asamukokemo.

Za mipando, dziwani kuti mphaka sakanda mwa njiru. Amacotsa makoko akale a zikhadabo, amaongola msana, ndipo amasiya fungo la mapazi ake kuti adziwe kuti pano mpake. Kumumenya kumangomuphunzitsa kukuopani. Tinakulunga saka ya cingwe pa thabwa lalitali, nkulimanga zolimba pafupi ndi mpando umene anali kuukonda. Likhale lalitali kuti azidziongola yense, ndipo lisagwedezeke. Pa zenera tinaikapo kathabwa kokhalapo, titachinga ndi sefa ya waya, cifukwa mphaka wa m'nyumba zosanja akaona mbalame amaiwala kuti pansi mpatali. Pamenepo amatha maola akuonerera mseu monga mmene adzukulu amaonerera wailesi ya kanema.

Nkhani ya bedi la ana inandidetsa nkhawa koposa zonse. Mphaka ndi waukhondo, ndipo akasiya malo ake pali cifukwa. Ndinapeza kuti beseni lake la mcenga linali kutayidwa kamodzi pa sabata, ndipo linali pafupi ndi mbale yake ya cakudya. Ndani wa ife angadyere pakhomo pa cimbudzi? Zonyansa zicotsedwe tsiku ndi tsiku, beseni likhale pamalo a phee, ndipo ngati malo alola mabeseni akhale awiri. Mai woyembekezera asagwire nchito imeneyi, cifukwa m'zonyansa za mphaka mungakhale kacirombo koopsa kwa mwana wa m'mimba. Koma mukaona mphaka, makamaka wamwamuna, akupita kumcenga kawirikawiri, akudzikakamiza ndi kulira koma mkodzo osatuluka, musadikire mawa. Njira ya mkodzo ikatsekeka amafa m'masiku ocepa. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Kwa dokotala komweko alandire katemera wa ciwewe, ngakhale satuluka, pakuti citseko cimaiwalika. Kumufula wamwamuna, kapena kumucita opaleshoni wamkazi kuti asabale, kumacepetsa kulira kwa usiku ndi kuwaza mkodzo pa makoma. Nsima yokha si cakudya ca mphaka. Thupi lake lifuna nyama kapena nsomba, ndipo akazisowa nthawi yaitali maso ndi mtima zimaonongeka. Kapenta muziyamba mwamuviika kuti mcere ucoke. Ndiwo za anyezi ndi adyo musamupatse, ndipo mkaka umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Panadol, amene ife timamwa mutu ukawawa, amapha mphaka. Mankhwala ena ophera nkhupakupa za agalu amateronso. Ndipo inu amai amene mukongoletsa guwa pa Pasaka, maluwa oyera aja a lily musapite nao kunyumba kumene kuli mphaka: kutafuna tsamba limodzi kungaononge impso zake.

Mwina wina afunsa ngati nkoyenera kuti katekisti athere tsamba lonse pa mphaka pamene ana ena agona ndi njala. Funso ndi labwino. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, pa ndime 2416 aphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu ndipo tiyenera kuzicitira cifundo. Pa ndime 2418 aletsa kuzizunza popanda cifukwa, koma acenjezanso kuti tisamwazire pa nyama ndalama zimene ziyenera kuthandiza anthu ovutika. Ine zidole za amphaka za m'masitolo akuluakulu sindizivomereza kwenikweni. Zonse zimene tinapanga m'nyumba muja zinacokera m'zinthu zotayidwa, kupatula sefa ya waya ndi ulendo wa kwa dokotala.

Lacisanu lapitali ndinapitakonso. Mpando umodzi unali utaonongeka kale, ndipo apongozi aufunda citenje. Sananene kuti amukonda Pusi, anangoti masiku ano akugona. Mdzukulu wamng'ono, amene kale anali kungopereka moni pakhomo nkuthawa, ndiye amasunga kamtengo ka nthenga, ndipo akaweruka kusukulu amakhala m'cipinda ca ambuya ake kukangana nao za amene adziwa kuyendetsa mbewa bwino. Titayamba kolona mphaka anakwera pa thabwa lake la pa zenera, koma pa cinsinsi cacitatu anatsika nayamba kusaka mtanda wa kolona ya ambuya umene unali kulendewera. Ambuya anaukweza m'manja osadukiza Tikuoneni Maria, ndipo tinapitiriza.