NYUZI ZIMENE SIZIFUNSA WANCHITO

Abale athu a m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, ife tatopa ndi nyuzi za masiku ano. Tizigula ndi ndalama ya thukuta, koma mukavundukula mupeza nduna yatsegula mlatho, woimba wasudzula mkazi, kwinako malonda okhaokha. Nanga za malipiro athu zili tsamba liti?

Kumbukani Marikana. Pa 16 August 2012 apolisi a ku South Africa anawombera ndi kupha anchito 34 a mgodi wa Lonmin amene ananyanyala nchito pofuna malipiro. Atolankhani anathamangira kwa apolisi, kwa mabwana a kampani ndi kwa andale. Apolisi anati anali kudziteteza, nyuzi zinalemba momwemo. Amuna amene anali paphiripo, oona ndi maso, anawafunsa ndi owerengeka. Panapita masabata awiri kuti Greg Marinovich, wojambula zithunzi, alembe kuti ambiri anaphedwera m'miyala ya kaphiri kena, kumene kunalibe makamera.

Khalidwe ili nlakale. Mu 1959 boma la atsamunda ku Nyasaland linati Congress yapangana kupha azungu, ndipo nyuzi za azungu m'Chitaganya zinalalika mawuwo, mpaka Devlin anafufuza napeza kuti chiwembu chopha azungu onse panalibe. Pomwepo nkuti mazana a anthu ali m'ndende.

Chotero tikuti: mtolankhani akadza pa sitalaka yathu, asalowe msanga mu ofesi ya manejala. Mgwireni dzanja, mupite naye ku komboni, mumuonetse pepala lanu la malipiro.