Mukati ana akopela cabe, kumbukilani kumene ba Jagari anatenga dzina

Mkangano uyu muudziwa, kaya mukwela za ku Matero kaya za ku Chawama. Kondakitala akweza voliyumu, nyimbo ya mnyamata wa pa Zed ilila, ndiye mdala wina kumbuyo ayamba: ati ana a masiku ano alibe cao, akopela cabe ma Naija na amapiano a ku Joni. Basi yonse igwedeza mutu. Ine sinivomela, ndipo mboni yanga ni nyimbo ya azungu imene inatuluka Zambia ikali khanda.

Mu 1965, caka cikalibe kukwana cilandilile ufulu, gulu la ku Britain la The Rolling Stones linatulutsa "Satisfaction". Ku America inatuluka mu June, ku Britain mu August, ndipo konse kuwili inafika pa nambala wanu. Cimene cinagwila anthu ni gitala ya Keith Richards, imene anaipititsa mu kabokosi ka fuzz kuti izilila mokhakhala, monga sipika yong'ambika. Kulila kuja kunaoloka nyanja. Anyamata a kuno, makamaka ku Copperbelt kumene migodi inali na ndalama, anamvela ma Stones, Jimi Hendrix na James Brown, nayamba kuyesa pa magitala ao.

Mmodzi wa iwo ni Emmanuel Chanda wa ku Kitwe. Kavinidwe kake pa siteji kanakumbutsa anthu Mick Jagger, mpaka dzina linamumatila, iye nalikhotetsa kukhala Jagari. Manje onani: woimba wa WITCH, gulu limene lelo azungu alilipilila matikiti, dzina lake lenilenilo ni lokopela. Ba mdala a kumbuyo, pamenepo mukuti bwanji?

Koma ba Jagari sanathele pa kutengela. Pofika 1975, WITCH inali na cimbale cake, "Lazy Bones!!". Caka comweco Amanaz anatulutsa "Africa", mmene muli "Khala My Friend", mutu wa nyimbo wosakaniza zinenelo ndendende mmene tikambila pa City Market. Pano pa Lusaka, Paul Ngozi na Ngozi Family anatenga fuzz imodzimodziyo naikamo Cinyanja na nkhani za mu komboni. Ba Kaunda naonso anathandizilako pamene analamula kuti nyimbo 95 pa 100 za pa wailesi zikhale za mu Zambia. Ndiye Zamrock imeneyo.

Mdala uja ali na mfundo imodzi, tisamunamize. Alipo anyamata amene atenga biti ya ku Lagos, aikapo mau awili a Cibemba, basi nchito yatha. Amenewo auzeni. Koma kutseka mwana pakamwa cifukwa wayambila pa za ena, ndiko kupha Paul Ngozi wa mawa akali mu studiyo ya cipinda cimodzi ku Kanyama.

Cimene cinibaba ine ni cina. Mtengo wa kopa utagwa, ma kafyu atatseka malo ovinila usiku, disiko na makaseti akuba zitalowa, Zamrock inazima. Matenda a AIDS anatenga oimba ambili mu ma 1980. Paul Ngozi anamwalila mu 1989. Ba Jagari anakathela ku kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze ya unga. Amene anadzafukula zimbale zija naziika pa msika wa dziko lonse ni kampani ya ku Los Angeles, Now-Again Records. WITCH inaukanso, mu 2023 inatulutsa "Zango". Mu 2024 Tyler, the Creator, woimba wa ku America, anatenga mbali ya "Nizakupanga Ngozi" naiika mu nyimbo yake "Noid". Kale ana a pa Zed anali kutengela London, lelo America itengela Lusaka, ndipo ana ambili a ku Mtendere na George anamvela mau a Paul Ngozi koyamba kupyolela mwa Tyler. Mwamwayi Sampa the Great anaikumbuka Zamrock mu "Never Forget", koma munthu mmodzi sakwana.

Basi ndiye wailesi yaikulu ya mu tauni muno. Munthu wa ku Kalingalinga amathela ola lathunthu mu jamu mmawa uliwonse, afune asafune amvela zili pa fulashi ya dilaiva. Ndiye pempho langa ni laling'ono. Ba dilaiva, pakati pa nyimbo mahandiledi zija, ikaniponi zisanu za Ngozi Family, WITCH na Amanaz. Ma wailesi a FM, patsani Zamrock ola limodzi pa wiki, ndipo lipilani ku ZAMCOPS kuti kangacepe kafike ku mabanja a eni nyimbo.

Ku Kabwata kuli mseu wochedwa Paul Ngozi. Mukadzapita cakumeneko, funsani amene mwakhala naye pa mpando ngati adziwako nyimbo yake ngakhale imodzi.