Mwana akagundidwa pachifuwa, "palibe chathyoka" si mawu otonthoza

Mwana akagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza pamsika wa Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, kapena akagwa pangolo ya kachewere, akuluakulu amathamangira kuona ngati pali magazi kapena fupa lothyoka. Akapanda kuzipeza, amamusansa fumbi n'kuthokoza Mulungu kuti wapulumuka. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi n'choopsa, ndipo ife amene tapita kusukulu tili ndi udindo wochithetsa.

Nthiti za mwana n'zofewa. Zimapindika ngati nsungwi yaiwisi n'kubwerera m'malo mwake, koma mphamvu ya kugundako imakafika m'mapapo. Choncho mapapo akhoza kung'ambika pomwe kunja kulibe bala.

Mapapo akang'ambika, njira za mpweya zimatha kulumikizana ndi mitsempha ya magazi yopita kumtima. Mpweya ukalowamo, mtima umaupopa pamodzi ndi magazi, ndipo tithovu take tingatseke mitsempha yodyetsa ubongo kapena mtima womwewo. Madokotala amati air embolism. Sizichitikachitika, koma zikachitika zimapha msanga. Komanso kupopera wovulala mpweya mwamphamvu ndi chipangizo chothandiza kupuma kungakankhire mpweya wina m'mitsemphamo. N'chifukwa chake achipatala ayenera kuuzidwa momveka bwino kuti mwanayo wamenyeka pachifuwa.

Zizindikiro zofunika kuthamanga nazo ndi izi: kutsokomola magazi, kupuma mobanika, kukomoka, kugwa ngati wakhunyu, kapena kufooka mbali imodzi ya thupi pomwe mutu sunavulale.

Wina anganene kuti ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Dedza ukufuna ndalama, nanji wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. N'zoona. Koma sindikunena kuti mwana aliyense wogwa akagonekedwe ku Lilongwe. Ndikunena kuti aonedwe tsiku lomwelo pachipatala chapafupi, ndipo otumiza kwina akhale achipatalawo. Mwana amene amaoneka bwino masana akamwalira usiku, kumudzi kumatsala kulozana zala za ufiti, ndipo mabanja amadana chifukwa cha bala limene palibe analiona.

Bungwe la WHO limati ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola kupha anthu a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Tikapita kuholide, tiwafotokozere makolo za nthiti zofewazi, ndipo tikane kuti mwana akhazikidwe kutsogolo, pathanki ya njinga yamoto, pamene chifuwa chake ndicho chimayamba kugunda.