MPHEKESERA ZA ZOMBO SIZIFIKITSA KATUNDU PA DOKO

M'misika ya ndalama ya ku Ulaya muli anthu amene nchito yao ndi kugula ndi kugulitsa masheya, ndiko kuti magawo a cuma ca makampani. Anthuwa akangomva mphekesera zakuti kampani ya zombo zonyamula katundu ifuna kugwirizana ndi inzake, athamangira kugula masheya ake poyembekezera kuti mtengo wake udzakwera. Koma cimene cikondweretsa ogula masheya sindico cithandiza mwini katundu.

Mgwirizano wa makampani a zombo uli ngati alimi awiri amene apangana kutengera mbeu zao m'ngolo imodzi kuti ulendo usadule. Mu Januwale 2023 kampani ya Maersk ya ku Denmark ndi ya MSC ya ku Switzerland zinalengeza kuti mgwirizano wao wochedwa 2M, umene unayamba mu 2015, udzatha mu Januwale 2025. Pomwepo mphekesera zinabuka: ena anati Maersk idzayenda yokha, ena anati idzafuna bwenzi latsopano. Zoona zake zinadziwika mu Januwale 2024, pamene Maersk inapangana ndi Hapag-Lloyd ya ku Germany. Mgwirizano wao wochedwa Gemini unayamba nchito mu Febuluwale 2025, ndipo analonjeza kuti pa maulendo 100 alionse, oposa 90 adzafika pa nthawi yake.

Lonjezo lotere ndilo liyenera kupimidwa, osati mtengo wa masheya. Kumapeto kwa 2023 asilikali a Houthi a ku Yemen anayamba kuphulitsa zombo pa Nyanja Yofiira. Zombo zambiri zinaleka kudzera ku Suez ndi kuyamba kuzungulira kumwera kwa Africa, ulendo wotalikirapo ndi masiku khumi kapena kuposerapo. Mtengo wonyamulira katundu unakwera, ndipo masheya a makampani a zombo anakweranso. Ogula masheya anapindula, koma eni katundu analipira zambiri.

Ndiponso mgwirizano suteteza kampani imene yamira m'ngongole. Kampani ya Hanjin ya ku South Korea inali mu mgwirizano ndi makampani ena pamene inagwa mu Ogasiti 2016. Zombo zake zodzaza ndi katundu zinakhala panyanja milungu ingapo cifukwa madoko anazikaniza kukoceza. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi ikhudzanso Zambia, dziko lopanda gombe la nyanja yamcere. Ngakhale Gemini itumikira makamaka njira za pakati pa Asia, Ulaya ndi America, zombo zikacepa pa njira imodzi, mitengo ibvuta ndi kwina komwe. Fataleza, mankhwala ndi zitsulo za makina zibwera kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Nacala ndi Durban. Combo cikacedwa, fataleza afika mvula itagwa kale, ndipo mtengo woonjezekawo ugwera mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi.

Motero amalonda ndi atsogoleri a makopaletivu amene aitanitsa katundu kunja asatengeke ndi maina a migwirizano. Aitanitse katundu nthawi ikalipo, asadalire doko limodzi lokha, ndipo asanapereke ndalama afunse zinthu ziwiri: tsiku limene katundu adzafika ndi mtengo wonse wonyamulira kufikira pa sitolo yao.