Tiwalole akwere sitima, akwerenso mapiri

Ophunzira a Fomu 3 apempha ulendo wa tsiku limodzi: minibasi mpaka ku Balaka, sitima yowolotsa mtsinje wa Shire pa Liwonde, kenako wapansi kukwera nsonga zingapo za mapiri a Chikala. Makolo ena akuti ana adzaphonya Swala. Nkhawayi ndi yomveka, koma Chisilamu chinapereka kale njira. Wapaulendo amaloledwa kufupikitsa ndi kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, ndipo madzi akasowa kuphiriko amachita tayammamu. Kuno ku Mangochi kulibe njanji. Ana athu ambiri sitima amangoionera m'buku. Ine ndikuti akomiti avomere, bola usakhale mwezi wa Ramadhan, ndipo atsikana asatsale, apite ndi aphunzitsi aakazi.