Thiransifoma Itsogole, Rectifier Itsate

Aliyense amene anakhalapo pakati pa oimba magitala okonda ampulifaya ya mavalavu akudziwa kuti mkangano wao sukhalitsa usanafike pa rectifier, chipangizo chosandutsa magetsi opita uku ndi uku kukhala oyenda mbali imodzi, monga mavalavu afunira. Koma ine, ndi ulemu wonse kwa eni lusoli, ndinena kuti mkanganowo auyambira kudenga pamene maziko ali chikhalire osakumbidwa.

Sindikana kuti rectifier ili ndi mau ake. Valavu ya 5Y3, imene kampani ya Fender inaika mu ampulifaya yake ya Deluxe 5E3 m'zaka za m'ma 1950, imameza mavolti 50 kapena kuposerapo, ndipo woimba akakwapula nsambo mwamphamvu, magetsi amayamba afooka pang'ono kenaka n'kudzukanso, kotero kuti liu limatuluka lofewa ndi lokoka, chimene oimba amachitcha sag. GZ34, ya mu Bassman ya 1959 ndi mu JTM45 imene Jim Marshall anatulutsa ku London mu 1962, imameza mavolti osafika 20, ndiponso ili ndi ukoma wina, wakuti imatentha pang'onopang'ono, motero mphamvu siigwera mavalavu ena akadali ozizira. Madayodi a silikoni, amene Twin Reverb ya 1963 inatengera, amameza pafupifupi volti imodzi yokha. Liu lao n'lolimba ndi loyera, mtengo wao n'ngochepa, ndipo woimba m'tchalitchi wofuna kuti gitala imveke bwino pakati pa kwaya asachite nao manyazi.

Koma zonsezi zimadya m'mbale ya thiransifoma. Iyo ndiyo ipereka mphamvu yaikulu ya mavolti mazana atatu kapena anai, ipereka mavolti 6.3 otenthetsa mavalavu oimba, ndi mavolti 5 otenthetsa rectifier; ndipo waya uliwonse anaukulunga ndi muyeso wake, umene sungaonjezeke chifukwa mwini wake walakalaka liu lina. Munthu amene azula 5Y3, yodya ma-ampu 2, nalowetsa 5U4, yodya ma-ampu 3, chifukwa chakuti miyendo yake ikulowa bwino m'malo omwewo, wasenzetsa kapolo katundu woposa msinkhu wake, ndipo tsiku lina adzamva fungo la vanishi wopserera. Chimodzimodzi wochotsa valavu yoimba ya 6V6, yofuna ma-ampu 0.45, kuti aikepo EL34 yofuna 1.5. Amene aika madayodi m'malo mwa 5Y3 akumbukire kuti mavolti amene valavu inkameza tsopano agwera makapasita osunga magetsi, amene mwina sanapangidwire mphamvu yotero. Safunsa anadya phula.

Pali chinanso chimene chitikhudza ife kuno makamaka. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, ogunda ka 50 pa sekondi, pamene a ku America, kwao kwa Fender, ndi a mavolti 120 ogunda ka 60. Ampulifaya yotumizidwa ndi mbale kuchokera kumeneko ifuna thiransifoma ina yotsitsa mphamvu. Komabe ngakhale mavolti atatsika, kugunda kuja sikusintha, ndipo chitsulo chokulungidwira 60 yokha chimatentha koposa pa 50, makamaka m'chilimwe cha Okutobala. Chifukwa chake wogula thiransifoma yatsopano aonetsetse kuti yalembedwa 230 kapena 240, ndi 50 Hz, ndiponso kuti ili ndi mphamvu yotsalako pamwamba pa imene mavalavu onse adya akaphatikizidwa. Ikakhala ya waya wa mavolti 5 wokwana ma-ampu 3, mwini wake adzakhala ndi ufulu woyesa 5Y3, GZ34 kapena 5U4 monga khutu lake lifunira, malinga mmisiri ayeze mavolti ndi kukonzanso bias, muyeso wa magetsi oyenda m'mavalavu oimba, nthawi iliyonse.

Ndatchula mmisiri mwadala, pakuti makapasita amasunga mphamvu yokhoza kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa kale kukhoma, ndipo ntchito yoyamba ya wotsegula ampulifaya ndiyo kuwakhuthula ndi kutsimikiza ndi mita kuti aphweradi asanalowetsemo chala.